Mpanda wa Agalu: Kodi Mzinda Uufuna, Nanga Mudzi?

Msewu waukulu wa Great East, umene uchokera ku Lusaka nudutsa pa Chongwe, nukwera mapiri a Rufunsa mpaka kukawoloka Luangwa kulinga ku Chipata, sunyamula makala ndi chimanga chokha kupita nazo kumzinda, koma ubweranso ndi nkhani za kumzindako nuzitula kuno ku Chinyunyu, m'dziko la Mfumu Bunda Bunda, kumene apaulendo amaima kuti aone akasupe a madzi otentha. Mwa nkhani zimene zafika chotero ilipo imodzi imene poyamba imveka yachilendo m'makutu a munthu wa kumudzi, ndiyo yakuti mzinda uyenera kupatula malo, nuwatchinga ndi mpanda, kuti oweta agalu azipitako ndi agalu awo, nawamasule chingwe kuti athamange ndi kusewera ndi anzawo popanda kuopseza odutsa m'njira. Mwambo umenewu unayambira kutali: malo oyamba otchuka a mtundu wotere anatsegulidwa ku Berkeley, m'chigawo cha California ku America, m'chaka cha 1979, ndipo lero mizinda yambiri ya ku America ndi ku Ulaya ili nawo. Ambiri a ife tikamva zimenezi timapukusa mutu, pakuti galu wathu ali mfulu chibadwire. Koma ine ndiona kuti mlanduwu suyenera kuweruzidwa ndi chiseko, popeza mkati mwake muli moyo wa ana, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi mawu oyenera kuwatchera khutu.

Iwo amene afuna mpandawo ayamba ndi kutikumbutsa moyo wa galu wa kumayadi, umene ife a kumudzi sitiudziwa bwino. M'nyumba zambiri za ku Kabulonga, Woodlands ndi Ibex Hill, ndiponso m'nyumba zatsopano zimene zikumangidwa kulinga ku Chongwe, galu sawetedwa kuti akhale bwenzi la ana kapena mnzake wa mlenje, koma kuti akhale mlonda. Ndipo pofuna kuti mlondayo akhale wolusa, mwini wake amtsekera usana wonse m'kakhola kuseri kwa nyumba, kapena ammangirira pa unyolo waufupi, osaona munthu wina koma amene ampatsa chakudya, namtsegulira usiku wokha pamene chipata chatsekedwa. Madokotala a ziweto atiuza kuti kamwana ka galu kaphunzira kuzolowera anthu ndi agalu anzake m'miyezi itatu yoyamba ya moyo wake, ndi kuti galu amene wakulira m'ndende yotere sasiyanitsa mbala ndi mwana wa sukulu. Tsiku limene chipata chatsala chotsegula, kapena unyolo waduka, amene alumidwa kawirikawiri si wakuba ayi, koma wantchito wa pakhomo, mayi wogulitsa ndiwo, kapena mwana wa mnansi amene anangobwera kudzatola mpira wake. Ku South Africa, m'chaka cha 2022, ana ataphedwa ndi agalu a mtundu wa pit bull, anthu zikwi zambiri anasaina kalata yopempha boma kuti liletse kuweta agaluwo. Ndipo agalu aakulu a mitundu yonga imeneyo, pamodzi ndi Boerboel ndi German Shepherd, agulitsidwanso ku Lusaka. Chifukwa chake, akutero a mbali iyi, patsani galu malo othamangira ndi kununkhizana ndi anzake, kuti mphamvu imene ikanatulukira m'mano ithere m'miyendo. Ndipo awonjeza kuti chifundo pa chiweto ndi udindo umene Mlengi anaika pa munthu pomupatsa ulamuliro pa zamoyo, kotero kuti kuzunza galu pa unyolo ndi tchimo ngakhale galuyo asanalume munthu.

Ali nayonso mfundo yachiwiri, imene kwa ine ilemera kuposa yoyamba. Dziko la Zambia lili ndi lamulo la agalu, Control of Dogs Act, mutu 247 wa malamulo a dziko, ndipo mwa lamuloli galu ayenera kulembetsedwa ndi kubayidwa katemera wa chiwewe. Koma yense adziwa kuti kalembera wa khonsolo sangagogode pa chipata chilichonse, ndi kuti agalu ochuluka sanalowepo m'buku lililonse. Malo otchingidwa ali ndi khomo limodzi, ndipo pakhomo pangaime munthu wofunsa chikalata cha katemera. Chotero mwini galu amene akanazengereza chaka chonse athamangira kwa dokotala, pakuti afuna kuti galu wake alowe. Akumbutsanso kuti kuletsa agalu kuyendayenda si chinthu chopanda mphamvu: dziko la Britain linagonjetsa chiwewe pofika chaka cha 1902, katemera wa agalu asanafale, mwa kulamula kuti agalu amangidwe pakamwa, osochera agwidwe, ndi obwera kuchokera kunja asungidwe paokha miyezi ingapo.

Tsono imvani otsutsa, amene mawu awo ayambira pa nthaka. Pamene Stanley Adshead analemba mapulani a Lusaka m'chaka cha 1931, ndi pamene mzindawo unakhala likulu m'chaka cha 1935, anaulinganiza kukhala mzinda wa minda ndi mitengo, wa anthu owerengeka, makamaka azungu. Koma kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa mamiliyoni awiri m'boma la Lusaka lokha, ndipo ambiri a iwo akhala m'makomboni, ku Kanyama, Chawama, George, Mtendere ndi Ng'ombe, kumene nyumba zagundana kotero kuti ana asewera mpira pamsewu pakati pa maminibasi, ndi kumene mabwalo ambiri amene kale anali a masewera anadulidwa mapoloti. M'dzinja la 2023 kulowa 2024 kolera inavuta mzindawo kufikira bwalo la mpira la Heroes linasandutsidwa chipatala. Kodi mzinda umene sunathe kupatsa ana ake ngalande, madzi abwino ndi posewerera, afunsa iwowa, ungayambe bwanji kupimira agalu malo, kuwagulira waya ndi kuwalembera mlonda? Ndipo amene adzapitako ndani? Ndi yekhayo amene ali ndi galimoto yonyamulira galu, ndiye yemweyonso amene ali kale ndi bwalo lalikulu la kapinga kuseri kwa khoma lake. Koma galu wa ku Kanyama, amene adya pa dzala nagona pansi pa thebulo la kumsika, sadzaona chipata chimenecho masiku onse a moyo wake. Ndalama za onse zidzakhala zatumikira ochepa amene sanali osowa.

Atinso chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamene agalu ambiri osadziwana asonkhana pamalo amodzi tsiku ndi tsiku, apatsana nkhupakupa, utitiri ndi njoka za m'mimba, ndiponso nthenda ya parvo, imene ipha tiana ta agalu ndi kutsekula m'mimba kwa magazi, ndipo kachilombo kake kakhala m'nthaka miyezi yambiri. Zonyansa zikapanda kuwoledwa, mvula izikokolola kupita nazo m'ngalande. Ndipo galu amene wakhala zaka zitatu pa unyolo sasanduka wofatsa pa tsiku limene wamasulidwa pakati pa agalu makumi awiri, koma agwira wamng'ono pakhosi eni ake akuona. Pamenepa otsutsa anena zoona, ndipo ngakhale ku maiko kumene malowa achuluka, madokotala a ziweto achenjeza kuti si galu aliyense amene ayenera kupitako.

Ife a ku Chinyunyu tikamva mbali ziwirizi tingayese kuti mlanduwu sutikhudza, ndipo m'njira ina ndi zoona. Galu wa kuno ali ndi ntchito imene singagwirike pa chingwe. Ndiye apirikitsa anyani ndi nguluwe m'munda chimanga chikakhwima. Ndiye atsagana ndi mnyamata kubusa, nauwa fisi akayandikira khola la mbuzi usiku, ndipo mwini nyumba akamva kuuwako adzuka osanyozera, podziwa kuti galu wamkota sakandira pachabe. Chakudya chake ndi mkute, nsima ya gaga ndi zimene adzipezera yekha m'thengo. Munthu amene anena kuti agalu onse a m'midzi amangidwe sanaganize kuti galu womangidwa ayenera kupatsidwa chakudya chonse ndi madzi onse ndi dzanja la munthu, ndi kuti m'chaka cha chilala chonga cha 2024, pamene nkhokwe zinali zopanda kanthu ndipo ana anagona ndi njala, lamulo lotero likanakhala chiweruzo cha imfa pa agaluwo. Za malo othamangira sitisowa. Dambo lonse ndi lawo.

Koma tisadzitame msanga, pakuti ufulu wa galu wa kumudzi uli ndi mtengo wake, ndipo amene aulipira kawirikawiri si mwini galu. Anyakwawa adziwa kuchuluka kwa milandu ya nkhuku ndi timbuzi tophedwa ndi galu wa mnansi, milandu imene idanitsa abale. Oyendetsa magalimoto adziwa mitembo ya agalu imene igona m'mbali mwa msewu m'mawa. Ndipo choopsa kuposa zonse ndicho chakuti galu woyenda usiku akumana ndi agalu a midzi ina ndi nkhandwe, nalumana nazo, nabwerera kunyumba ndi kabala kamene palibe wakaona, kufikira patapita masabata ayamba kuchita dovu ndi kuluma ana amene anakula nawo. Tikhala moyandikana ndi nyama za m'thengo, pakuti kummwera kwathu kuli malo osungirako nyama a Rufunsa ndi nkhalango ya Lower Zambezi, ndipo nthenda siyenda njira imodzi yokha: ku Serengeti, m'dziko la Tanzania, m'chaka cha 1994, nthenda ya agalu yotchedwa distemper inapha pafupifupi mkango umodzi mwa itatu iliyonse, ndipo akatswiri analoza agalu a m'midzi yozungulira kuti ndiwo anali gwero lake. Mimbulu, imene yatsala yochepa mu Africa yense, ifa ndi chiwewe chochokera kwa agalu oweta. Chotero galu wosabayidwa wa ku Chinyunyu aopseza mwana wa m'mudzi ndi chuma cha m'nkhalango pamodzi.

Pa chiwewe ndiyenera kukhalitsapo, pakuti ndipo pagona mtima wanga pa nkhani yonseyi. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, liwerenga kuti nthendayi ipha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ochuluka a iwo mu Africa ndi Asia. Linenanso kuti pa anthu 100 odwala, kufikira 99 aitenga kwa galu. Ndipo anayi mwa khumi alionse a iwo ndi ana osafika zaka 15. Chifukwa chake n'chodziwika kwa kholo lililonse: mwana ndiye asewera ndi galu, mwana ndiye wamfupi kotero kuti mano amfika kumaso ndi m'khosi, kufupi ndi ubongo kumene kachilomboko kalinga, ndipo mwana ndiye abisa bala poopa kukalipiridwa. Nthendayi ibisala m'thupi kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu, banja n'kuiwala za kulumidwako. Koma zizindikiro zikaoneka, wodwala akayamba kuopa madzi ndi kuphupha, palibe mankhwala m'chipatala chilichonse pansi pa thambo amene angayembekezedwe kumbweza. Ndipo chowawa n'chakuti imfa imeneyi yakhala yopeweka kuyambira pa 6 July 1885, pamene Louis Pasteur anabaya kamnyamata kotchedwa Joseph Meister, kamene kanalumidwa ndi galu wachiwewe, nakapulumutsa. Kwa mlimi wa kumidzi ya kutali ndi msewu, kupulumutsa mwana wolumidwa kutanthauza ulendo wa ku chipatala chachikulu, ku Chongwe kapena ku Mpanshya, kangapo konse popeza jakisoni wake si mmodzi, ndi kugulitsa mbuzi kuti apeze ya ulendo. Ndipo ena, polemedwa ndi zimenezi, angopaka mankhwala a zitsamba nadikira.

Ndikaika mpanda wa agalu pa muyeso wa imfa zimenezi, ndipeza kuti ulemera pang'ono. Ndipo mfuti, imene makhonsolo athu athamangira kawirikawiri anthu akadandaula za agalu osochera, ilemeranso pang'ono. Agalu akaomberedwa, eni ake abisa otsala kapena kuwasamutsira kumudzi wina, nasamutsa nthenda pamodzi nawo. Obayidwa kale afera limodzi ndi osabayidwa. Ndipo pasanathe chaka pakhomo pali tiana tatsopano topanda katemera. Chimene chaoneka kuti chithandiza ndicho kubaya agalu asanu ndi awiri mwa khumi alionse m'dera, chaka ndi chaka osadumpha, pakuti chiwewe sichifala mwamsanga monga chikuku, ndipo galu wodwala akapeza kuti ambiri amene awaluma ndi otetezedwa, nthenda ithera mwa iye. Kubwereza chaka ndi chaka n'kofunika chifukwa agalu a m'midzi safika ukalamba, ndipo malo awo atengedwa msanga ndi ana obadwa kumene. Umboni suli kutali. Ku Blantyre, kumene chipatala cha Queen Elizabeth chinali kulandira ana ofa ndi chiwewe mochuluka modetsa nkhawa, bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi a boma linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 m'chaka cha 2015, ena pa malo oikika kumene anthu anabwera nawo, ena poyenda khomo ndi khomo, ndipo m'zaka zotsatira ana ofika ndi nthendayi anachepa kwambiri. Dziko la Mexico, litabaya agalu ake mwaulere kwa zaka zambiri, linavomerezedwa ndi WHO m'chaka cha 2019 kuti lathetsa chiwewe chochokera kwa agalu. Maiko alonjezana kuti pofika 2030 munthu asafenso nacho, ndipo zaka zatsala zochepa.

Chifukwa chake ndigamula motere, ngakhale ndidziwa kuti sindikondweretsa mbali iliyonse kotheratu. A mbali yoyamba ali ndi chilungamo ponena kuti galu wa kumayadi azunzika, ndi kuti kuzunzika kwake kutsirizira pa mwendo wa munthu wosalakwa. Ndipo sindiona choipa ngati oweta agalu a ku Lusaka agwirizana, nabwereka malo kwa mwini famu kulinga ku Leopards Hill kapena kwina kulikonse, nawatchinga ndi ndalama zawo, nalemba munthu wowola zonyansa ndi wofunsa chikalata pakhomo. Khonsolo iwalole, iwaikire malamulo, ndipo iwayang'anire. Koma walira mvula walira matope: amene afuna malowo asenze yekha mtengo wake. Kuti khonsolo ichotse ndalama za msonkho, kapena itenge bwalo limene ana a m'komboni akanaseweramo, kapena dambo limene limwa madzi a mvula, niipereka kwa agalu, pamenepo ndiima ndi otsutsa osagwedezeka. Ndikadakondwa koposa ndikadamva kuti pa ndalama imene munthu alipira pakhomo la malo otero, gawo lina lipita kukagula katemera wa agalu a ku Chawama ndi Kanyama, pakuti khoma la ku Kabulonga silitsekera kunja nthenda imene wantchito wa pakhomo abwerera kukagona nayo pafupi usiku uliwonse, ndipo mwana wake ndi mwana wa mzinda womwewo.

Kunena za kuno kwathu, mpanda umene tiusowa ndi wa tsiku limodzi pa chaka. Boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe m'masiku a Pulezidenti Michael Sata, ndi lalikulu ndi lamapiri, midzi yake ndi yotalikirana, ndipo mlangizi wa ziweto sangafike pakhomo lililonse ndi bokosi lake lozizira. Koma angafike pa bwalo la sukulu, pa dibi la ng'ombe kapena pa bwalo la nyakwawa, ngati agalu asonkhanitsidwa kumeneko. Nkhanga zinapangana kusanapse. Nyengo yabwino ndi ya chilimwe, misewu itauma ndi zokolola zitalowa m'nkhokwe, ndipo tsiku lokumbukira chiwewe pa dziko lonse, 28 September, limene ndi tsiku limene Pasteur anamwalira m'chaka cha 1895, ligwa m'nyengo yomweyo. Mfumu ikalamula, anyakwawa akalengeza, mipingo ikanena pa guwa Lamulungu lapitalo, anthu abwera. Ndipo tsikulo lisankhidwe pamene ana sali m'kalasi, pakuti galu wa kumudzi sadziwa chingwe ndipo satsata bambo wa nyumba, koma atsata mnyamata amene apita naye kubusa. Pamalopo pakhale kakhola ka mitengo kolekanitsira agalu olusa kuti asagwirane, ndipo wobayidwa aliyense apakidwe utoto pamutu, kuti mawa lake oyendera midzi athe kuwerenga ndi maso ngati asanu ndi awiri mwa khumi aja akwanira, ndi kubaya otsala khomo ndi khomo.

Kumanga agalu kuli ndi nthawi yake, ndipo pamenepa a mbali yoyamba aphunzitsa mudzi kanthu. Galu wachiwewe akaoneka m'dera, a zoweta ali ndi mphamvu yolamula kuti agalu onse amangidwe kwa kanthawi, ndipo lamulo limenelo liyenera kumveredwa ndi mtima wonse, galu akumangidwa pamthunzi, ndi madzi pambali pake, kufikira ngozi itapita. Momwemonso galu amene waluma munthu, ngati aoneka wamoyo bwino ndipo angagwidwe popanda ngozi, asathamangitsidwe kuthengo kumene palibe adzadziwa mathero ake, koma atsekeredwe masiku khumi akuyang'aniridwa, ndipo alangizi a ziweto auzidwe tsiku lomwelo. Pakuti galu amene anali ndi chiwewe m'malovu pa tsiku loluma adwala kapena kufa m'masiku amenewo. Koma wolumidwayo asadikire masiku khumiwo ali pakhomo. Bala litsukidwe pomwepo ndi madzi ambiri ndi sopo kwa mphindi 15, lisamangidwe ndi nsanza kapena kupakidwa ubweya wa galuyo monga ena achitira, ndipo munthuyo anyamuke kupita ku chipatala dzuwa lisanalowe, ngakhale balalo likhale kakang'ono kongokanda khungu la mwana.